Mzere Wofunsa Mwini Wake

Kalata inabwera Lachiwiri, yonyowa ngodya imodzi,
ataimata pachitseko cha chigayo chathu ku Chibavi:
mphaka aliyense woyenda panja atsekedwe kubereka,
alembedwe m'kaundula, avale chizindikiro.
Ndinaiwerenga ndi tochi ya pafoni,
mvula yamawawa ikulowa m'khosi mwa jasi langa laulonda.

Iwe unali pathumba la gaga,
ukunyambita mwendo ngati nkhaniyo ndi ya amphaka a ku Luwinga.

Sindidziwa unachokera kuti.
M'mawa umadya mitu ya usipa kwa Nyakaluwa,
masana wagona pakhonde la aphunzitsi a Munthali,
usiku ndiwe wanga, kaya ine ndiye wako,
awirife kulondera makoswe ndi akuba
pa malipiro a munthu mmodzi.

Kanayi konse waswera kuseri kwa injini.
Oyamba anatengedwa ndi ana asukulu.
Achiwiri anapita ndi chisanu cha mu Juni.
Achinayi ndi aja akulira kumsika,
nthiti pamtunda, maso odzaza manthongo,
aliyense wodutsa akuwagenda, ati ndi otumidwa.

Achitatu ndawalumpha dala.
Abwana anandipatsa thumba la feteleza lopanda kanthu,
nati, Lunyangwa sali patali.
Ndinapita.
Thumbalo linali lofunda pamsana, likugwedezeka.
Pobwerera manja anali opepuka, miyendo yolemera,
ndipo unanunkhiza nsapato zanga masiku atatu
osalira ngakhale kamodzi.

Ndiye Loweruka ndinakuika m'katoni ya sopo.
Wakabaza atamva kukanda m'katimo anakweza mtengo,
ati katundu wa zikhadabo amalipira mpando wake.
Ku Katoto mzere unali utakhota kale kuseri kwa tenti:
madengu, zidebe zoboola, mayi wina atabereka wake m'chitenje.
Mdala wina kumbuyo kwanga ankang'ung'udza:
mukutseka mimba za amphaka,
nanga za makoswe atseka ndani?
Tinaseka. Koma ine funso langa linali lina,
loti iweyo anakufunsa ndani.
Ndinalimeza nditakumbukira thumba lija.

Dokotala wa ziweto, mtsikana wamagalasi,
anakweza cholembera osandiyang'ana.
Dzina la mphaka?
Ndinayang'ana ubweya wako wotuwa ndi fumbi la chigayo.
Nyagaga, ndinatero.
Mwini wake?

Apa mpomwe ndinaima.
Zaka khumi ndi chimodzi pachigayo paja
palibe anandiitanapo ndi dzina.
Alonda, tsegulani. Alonda, magetsi abwera?
Chipinda ndi cha lendi, jasi ndi la abwana,
ngakhale chibonga ndinachipeza pomwepo.
Mwini wake? anabwerezanso, tsopano atakweza maso.
Zondiwe Kumwenda, ndinayankha,
mawu akutuluka ngati chitseko cha dzimbiri.

Anakubweza madzulo uli lendee,
pamimba atameta, ulusi utasoka kamzere kakafupi,
nsonga ya khutu lakumanzere atadula
kuti wokuona patali adziwe kuti uyu zake zinatheka.
M'khosi kalamba kobiriwira, nambala 0417.
Ndinakufunditsa jasi, ine n'kugwira ntchito ndi malaya okha,
chifunga cha ku Kaning'ina chikutsika ngati chili ndi ngongole nane.

Kalamba kaja sikanathe sabata.
Ndinakapeza katakola pawaya wa mpanda wa a Munthali,
iwe uli kale kwa Nyakaluwa,
ukupempha ngati sunalembedwepo paliponse.

Khutu lokha ndilo silinama.
Likatulukira pakhoma usiku, lalifupi kuposa linzake,
ndimasuntha pabenchi kukusiyira malo.
Kuseri kwa injini tsopano kuli zii,
akangaude okha ndiwo akuberekerako.
Kapepala kaja ndinakapinda kanayi,
kali m'thumba la pamtima pamodzi ndi chiphaso changa,
ndipo magetsi akazima, chigayo chikakhala chete,
ndimakatulutsa, n'kuunika mzere womwewo.